Funso la azakhali ku mafizo

Chipinda cha mafizo chili kumapeto kwa khonde, ukapitirira ku ekisire. Tinafika hafu seveni, azakhali ali pa wilitcheya, koma tinapeza benchi itadzaza kale. Mayi wina anabereka mwana wa zaka zinayi, khosi lili lende chidwalireni malungo aakulu. Pambali pake mnyamata wa kabaza, mwendo uli m'chikhakha, ankangogogoda pansi ndi ndodo.

Mkatimo simununkha mankhwala ngati kuwodi. Muli matiresi pansi, chimpira chobiriwira, njinga yopalasa osachoka pamalo, ndi zitsulo ziwiri zondondozana ngati njanji, kalirole ali kumapeto. Azakhali anagwira chitsulo ndi dzanja lamanzere, pakuti lamanja sitiroko inalanda. Anaponda kasanu, thukuta kamukamu, n'kuima.

"Mwanangu, kuyendaku ndayamba. Nanga kunyonyomala m'chimbudzi, ndidzathanso?"

Mtsikana wa mafizo amene ankawathandiza sanaseke. "Amayi, tiyesa," anatero, n'kukoka kampando kakafupi.

Funso limenelo lakhala likundizungulira m'mutu. Kafukufuku wambiri wa sitiroko amachitikira kumayiko kumene chimbudzi n'chokhalira, madzi ali m'nyumba. Woti akagwire khasu, akasinje, akakhale pamphasa n'kudzukapo yekha, amuwerengera ndani? Ku Britain kuli bungwe la James Lind Alliance, lomwe linayamba mu 2004. Ntchito yake n'kukhazika pamodzi odwala, owasamalira ndi achipatala kuti agwirizane mafunso 10 oyenera kufufuzidwa poyamba, ndipo mafunso a mafizo anatuluka mu 2018 mothandizana ndi Chartered Society of Physiotherapy. Kwathu kuno digiri ya mafizo inayamba mu 2010 ku College of Medicine, yomwe lero ili m'gulu la KUHeS. Ntchitoyi ikadali yanthete, ndipo ine ndikuti msonkhano wotere ukadzachitika kuno, a pabenchi paja adzayambe ndiwo kulankhula, makamaka magadiyani. Wodwala amakhala ndi wa mafizo mphindi zochepa, masiku ena onse amamuwongola ndi mlongo wake kapena mdzukulu.

M'chipinda choyandikana munali kulira kwa makanda a mapazi opindika. Pa vuto limeneli ofufuza anagwira ntchito: njira ya Ignacio Ponseti wa ku Iowa imawongola phazi pang'onopang'ono ndi chikhakha chosinthidwa sabata iliyonse, popanda opaleshoni yaikulu. Chotsala n'choti mwana azigona ndi nsapato zolumikizidwa ndi kachitsulo mpaka zaka zinayi kapena zisanu. Mayi wakutali, wa ana ena atatu, angapirire bwanji zaka zonsezo? Limenelo nalo ndi funso.

Potuluka, mtsikana uja anandijambulira papepala kampando kathabwa kobowola pakati, kuti ndikauze kalipentala. "Mubwerenso Lachinayi, amayi."

Azakhali anavomera ndi mutu. Titafika pageti anamasula mfundo ya chitenje n'kuyamba kuwerenga ya minibasi, ya anthu awiri, kupita ndi kubwera.