*Kutera dzuwa lili pamutu: nkhani ya chombo cha pa kompyuta*

Abale anga, pali amene andifunsa kuti mwana wa msodzi ukutani ndi zombo za m'mlengalenga. Ndiyankhe kamodzi, kenako muzitumiza kwa ena ngati mwa nthawi zonse.

Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Orbiter, anaipanga Martin Schweiger ndipo inatuluka mu 2000. Si gemu yowomberana ayi. Imakupatsa chombo, dziko lapansi lozungulira pa liwiro lake lenileni, basi, zina uone wekha. Chimene chandigwira mtima masabata ano si kunyamuka, koma kubwerera: kuchoka pa ISS ndi Atlantis n'kukatera ku Kennedy, ku Florida, kukuwala.

Muziti n'chapafupi eti? Mvetserani.

ISS ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, ikuthamanga makilomita 28,000 pa ola, ndipo imazungulira dziko pa mphindi 92 zilizonse. Iwe ukuzungulira, dziko nalo likutembenuka pansi pako, madigiri 15 pa ola. Ndiye ukamaliza ulendo umodzi, umapezeka wadutsa madigiri pafupifupi 23 chakumadzulo kwa pamene unadutsa poyamba. Bwalo lako lotera silikudikira, likusuntha. Njira yako imayandikira Florida nthawi ziwiri zokha pa tsiku: ina ukukwera kuchokera kum'mwera, ina ukutsika kuchokera kumpoto. Shuttle inkatha kukhotera kumbali makilomita pafupifupi 2,000, nchifukwa chake mpata umodzi ukakuphonya pena wotsatira umathekabe. Ukaphonya yonse, mpaka mawa.

Tsono vuto langa linali ili: mpata wa kum'mwera unkagwa cha m'ma 2 koloko usiku, nthawi ya ku Florida. Atlantis ikamatera ilibe injini. Imatsetsereka motsika kwambiri, pafupifupi madigiri 20, pomwe ndege za anthu zimatsika ndi madigiri atatu, ndipo imagunda pansi pa liwiro loposa makilomita 300 pa ola. Kubwereza kulibe. Pa laputopu yanga yakale, usiku bwalo la makilomita 4.5 lija limangooneka ngati nyali za siginala zili kutali pakati pa nyanja: ukuziona, koma mtunda wake sukuudziwa.

Ena amati ingodikira, mpata usuntha wokha. Zoona umasuntha, koma chammbuyo. Dziko si lobulungira ndendende, ndi lotupa pakati, ndipo kutupako kumakoka njira ya ISS chakumadzulo madigiri asanu pa tsiku. Mpata umafulumira ndi mphindi pafupifupi 24 tsiku lililonse. Kuchoka 2 koloko usiku kubwerera mpaka dzuwa lisanalowe, werengani nokha: masiku 20. Pa kompyuta ungathe kuthamangitsa nthawi, koma kwa ine kumeneko ndi kubera, chifukwa Shuttle yeniyeni ulendo wake wautali kwambiri sunafike masiku 18. Mpweya ndi magetsi zikanatha anthu ali m'mwamba.

Yankho lili pa mpata wachiwiri uja. Kennedy ili pa madigiri 28.5 kumpoto, njira ya ISS ndi yopendekeka madigiri 51.6, ndipo ukachita masamu ake, mpata wa kumpoto umabwera maola pafupifupi asanu ndi atatu ndi theka pambuyo pa wa kum'mwera. 2 koloko usiku kuphatikiza pamenepo, yakwana hafu teni m'mawa. Dzuwa phwee. Koma njira imeneyi imadutsa pamwamba pa America yense, mizinda ndi mizinda. Columbia itaphwasuka pamwamba pa Texas pa 1 February 2003, NASA inkakonda kwambiri yodzera kum'mwera, ngakhale Discovery inadzerabe kumpoto mu April 2010 n'kutera m'mawa. Pa kompyuta palibe amene zidutswa zingamugwere, komabe ndimakumbukira zimenezi ndikamasankha.

Apa ndi pamene mutu umazungulira. Kuti utere m'mawa, injini zochepetsa liwiro umaziyatsa ola limodzi usanatere, uli tsidya lina la dziko, kumene dzuwa lalowa kale. Ukayang'ana pawindo, mdima bii. Thupi limakuuza kuti dikira kuche. Ukalimvera, ukatera mumdima. Umayenera kuyang'ana mapu, kuona mzere wolekanitsa usana ndi usiku, n'kuwerengera pamene bwalo lidzakhale pakatha ola, osati pamene lili panopa. Bambo anga samadziwa kompyuta, koma izi amazidziwa: amene akufuna kufika pa dooko kukucha, ogula usipa asanabalalike, amazula nangula kudakali mdima, poonera nyenyezi. Nditawafotokozera anangoti, "Ndiye chachilendo n'chiyani pamenepo, mwanawe?"

China choti muchenjere nacho inu amene mufuna kuyesa: wotchi ya Orbiter imayendera nthawi ya Greenwich. Florida ili mmbuyo ndi maola anayi kapena asanu malinga ndi nyengo, ife tili patsogolo ndi awiri. Lembani nthawi zonse zitatu papepala musanakhudze batani.

Kutera usiku n'kotheka, ndisanamizire. Challenger inachita zimenezo mu 1983 ku Edwards, ndipo Apollo 8 inagwera m'nyanja ya Pacific kusanache mu December 1968, anthu ake n'kumayandama kudikira kuwala kuti awatole. Amenewo anali ndi magulu a anthu owathandiza. Ine ndili ndi batire ya mphindi 50 magetsi akazima, pomwe kuchoka poyatsa injini mpaka matayala kugunda pansi ndi ola lathunthu. Ndiye mpata wachitatu umene ndimawerengera ndi wa magetsi a kwathu kuno, ndipo umenewo sulembedwa pa mapu.