Kalulu wa masabata atatu sagulitsidwa

Pitani pa Bolero tsiku la msika, kapena imani pang'ono pa depoti ya Rumphi boma, muwaona anyamata atanyamula makatoni obowolabowola. M'katimo muli tiana ta akalulu, toyera mbee, maso ofiira, tokongola moti mwana wanu akationa salolanso kuchoka. Mtengo wake ndi theka la wanga. Mumagula, mumafika nato kunyumba, Lachitatu kamodzi kayamba kutsekula m'mimba, pofika Lamlungu mwakumba kale kuseri kwa khola. Mukatero mumabwera kwa ine n'kumati akalulu ndi ziweto zosalimba. Ayi, abale anga, akalulu ngolimba. Inu mwagula khanda lolandidwa bere lili ndi masabata atatu, ndipo wogulitsayo akudziwa kuti simudzakumananso.

Ine ndimaweta akalulu kuno ku Nkhamanga, ndipo pakhomo panga sipatuluka kalulu wosakwana masabata 8. Zomanga khola sinditaya nazo nthawi. Ndani sadziwa kuti likhale lam'mwamba, pansi pake pa timipata kuti ndowe zizigwa, miyendo yake ili m'zitini za oyilo wakutha kuti linthumbu lisakwere? Zakudya nazonso n'zodziwika: chisoso, kholowa, bonongwe, madeya, masamba ofota pang'ono osati onyowa ndi mame. Zimenezi mlangizi aliyense wa ziweto akuuzani pa ola limodzi. Ntchito yeniyeni ili pa mwezi woyamba wa kamwana, makamaka kamene make wafa kapena wakakana.

Anandiphunzitsa ndi asibweni, alongo awo a amayi. Iwowa anakhala zaka zambiri akugwira ntchito pa famu ya mzungu kufupi ndi Salisbury, n'kubwerera kumudzi dziko la Zimbabwe litalandira ufulu mu 1980. Anabwera ndi sutikesi yachitsulo, njinga yakuda, wailesi, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Kwathu kuno mwamuna amayesedwa ndi ng'ombe zimene angalowolere nazo, ndiye anthu ataona munthu wamkulu, wa imvi, akuzula chisoso m'mbali mwa msewu kuti akadyetse akalulu, anaseka mpaka misozi. Iwo sankayankha. Ankangoti chaka cha njala adzabwera okha. Anabweradi, ndipo asibweni sanam'bweze aliyense, koma ankayamba am'funsa kaye ngati ng'ombe zake zili bwino. Anali ndi kope la sukulu lomangidwa ndi mphira, mmene ankalemba tsiku limene akweretsa wamkazi aliyense. Ankawerenga masiku 31, ndipo tsiku la 28 ankaika kabokosi ka udzu wouma kuti wabereyo apangemo chisa ndi ubweya wa pamimba pake. Kopelo sankalola munthu kuligwira ndi manja a ndiwo. Tiyi wam'mawa sankamwedwa tisanayendere makola onse, kaya kukuzizira motani. Ankatikita manja ndi masamba a chisoso, kupisa dzanja m'chisa maso ali kumwamba, n'kunena kuti muli asanu ndi awiri, mmodzi sanayamwe. Ukatsegula, zoonadi. “Iwe mnyamata,” ankatero, “maso ako ngaulesi. Funsa dzanja.” Sankayamikira munthu pakamwa. Ukachita bwino ankangokupatsa mpando wa njinga kuti upalase ndiwe popita kuchigayo.

Choyamba chimene dzanjalo limaphunzira n'chakuti si mwana aliyense wooneka wosiyidwa amene ndi wamasiye. Kalulu amayamwitsa kamodzi patsiku, mwina kawiri, kawirikawiri usiku kapena m'bandakucha, ndipo sizitenga mphindi zisanu. Tsiku lonse amakhala pakona osayang'anako n'komwe. Osadziwa amati wawakana, amawachotsa kuti awathandize, kumene kuli kuwapha. Kamwana kokhuta mimba imakhala yozungulira, khungu losalala, thupi lofunda, ndipo ukakakhudza kamadzidzimuka n'kudumpha. Kanjala khungu limachita makwinya, ukalitsina silibwerera msanga, ndipo umakapeza kokha m'mphepete anzake ataunjikana pakati.

Njira yabwino kuposa zonse ndi kukapatsa mayi wina. N'chifukwa chake ndimakweretsa akazi awiri kapena atatu tsiku limodzi, kuti aswere pamodzi. Wamkazi amakhala ndi mawere 8 nthawi zambiri, tsono wina akaswa 11 wina 5, ndimagawa. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma kalulu sanamve mwambiwo, iye amakhulupirira mphuno. Ndimam'tulutsa kaye mayiyo, kukulunga mlendoyo mu ubweya wa m'chisa chatsopano, kumuika pansi pa anzake, n'kudikira kuti fungo lilowerere. Akasiyana kubadwa ndi masiku oposa atatu, wamng'onoyo amaponderezedwa.

Pakasowa mayi wina m'pamene pamafunika manja anga, ndipo apa m'pamene ambiri amagwa.

Kamwana kozizira sikapatsidwa mkaka. Ndibwereze, chifukwa chifundo chimathamangira kudyetsa: sikapatsidwa. Mimba yozizira sigaya kanthu, mkakawo umangosasa m'kati. Mwezi wa June ndi July mphepo yotsika ku Nyika imalowa mpaka m'mafupa, ndipo kamwana kopanda ubweya kakagwa kunja kwa chisa kamauma gwa msangamsanga. Osakataya. Ndimakaika m'malaya, pakhungu penipeni, n'kumapitiriza ntchito zanga. Kangapo ndamva kakuyamba kugwedera kamene ana anga anali atakakumbira kale dzenje. Kakafunda kamalowa m'kabokosi ka ubweya, pambali pake botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'chitenje, mbali ina yopanda botolo kuti kakatenthedwa kathawireko. Pafupi ndi mbaula ayi, utsi wa makala umapha.

Tsono mkaka. Wa kalulu ngokhuthala kwambiri, mafuta ake amapitirira magawo 10 pa 100, pamene wa ng'ombe amangozungulira pa 4. N'chifukwa chake kamwana kamatha kukhala tsiku lathunthu ndi kuyamwa kumodzi. Palibe mkaka wa m'khola mwathu umene ungafanane nawo, koma wa mbuzi ndi umene mimba zawo zimaulolako. Ndimauwiritsa, kuuziziritsa, kuthiramo chachikasu cha dzira kuti ukhuthale, n'kusefa pa kansalu koyera. Ndikadontheza pamkono usamveke kutentha kapena kuzizira. Wotsala sugona, ndimapatsa galu. Mayi wina anabwera misozi ili m'maso, ati anachita zonse, anagulanso mkaka wa m'sitolo. Nditafunsitsa ndinapeza kuti unali ufa woyera wothira mu tiyi uja, atauthiranso shuga kuti ukome. Ndinangowapepesa. Ukanena zoona pa nthawi ngati imeneyo amakuona wankhanza.

Chodyetsera ndi sirinji yaying'ono ya mililita imodzi, yopanda singano, kunsonga kwake nditavekako kachubu ka valavu ya njinga kowiritsidwa bwino. Nzeru imeneyi inali ya asibweni, ndipo sindinapezebe choposa apo. Kamwanako ndimakakulunga m'kansalu, mutu m'mwamba, mimba pansi monga mmene kamakhalira pa make. Osakagoneka chagada ngati khanda la munthu. Kachubu kamalowera m'mbali mwa kamwa, ndimadontheza dontho limodzi pamlomo, n'kudikira. Kakanyambita, lina. Tsiku loyamba kamakana, kamapotoza mutu, mkaka wambiri umathera pachibwano, ndipo apa m'pamene munthu wofulumira amakanikiza sirinji. Mukangoona thovu loyera likutuluka m'mphuno, dziwani kuti mkaka walowa m'mapapo. Mawa lake mukakaika pakhutu mumva kupuma kwa tete-tete, chimenecho ndi chibayo, ndipo n'kamodzikamodzi kupulumuka. Sabata yoyamba mamililita awiri pa kudya kumodzi akwana, ndipo popeza mkaka wa mbuzi ngopepuka ndimadyetsa katatu patsiku. Sabata yachiwiri ndimawonjeza mpaka 5 kapena 7. Koma woweruza ndi mimba: izungulire koma isachite kuti ndii. Akalulu ambiri oleredwa pamanja amafa ndi kukhuta, osati ndi njala.

Kakadya, ndimanyowetsa thonje m'madzi ofunda n'kupukuta pansi pa mimba mpaka kakodze, poti make amachita zimenezi ndi lilime. Ndimatero mpaka maso atsegule, cha pa tsiku la 10.

Ndiye pali chinthu chimene anyamata a makatoni sadziwa, ndipo ngakhale atadziwa sangachite. Kalulu amatulutsa ndowe za mitundu iwiri. Zouma zozungulira zija aliyense amazidziwa, n'zimene timathira kudimba. Koma pali zina zofewa, zonyezimira, zomatirana ngati mabulosi, za fungo lamphamvu, zimene amatulutsa usiku kapena m'mamawa n'kuzidyanso yekha zisanagwe pansi. M'menemo muli tizilombo tothandiza kugaya masamba. Mwana wokulira pa make amatengera tizilomboti ku ndowe zimene makeyo amasiya m'chisa, ndipo mimba yake imazolowera pang'onopang'ono, uku akuyamwa uku akulawa udzu. Woleredwa ndi sirinji alibe kozitenga. Amakula bwinobwino, iwe n'kumanyadira, tsiku lomwe walawa chisoso mimba yatupa. Choncho maso akangotsegula ndimadzuka kusanache kukasaka ndowe zofewazo. Ndili ndi kalulu wanga mmodzi wamwamuna wonenepa, wa mtundu wa New Zealand White, amene ulesi wake umandithandiza, poti satha kupindika bwino ndiye amasiyako zina pathabwa. Ndimatapa pang'ono, kusungunula mu mkaka, kumwetsa kwa masiku angapo. Mayi a kunyumba anakaniratu kuti supuni ya ntchito imeneyi isalowe m'khitchini mwawo, ili ndi msomali wake kukhola. Kenako udzu wouma kaye, madeya pang'ono, masamba obiriwira pamapeto penipeni. Kamwana kogulitsidwa pa masabata atatu kamadumpha masitepe onsewa, kuchoka kubere kugwera pa kabichi wa pamsika.

Chifukwa cha mbiri yoti ndimadzutsa tiana takufa, anthu anayamba kundibweretsera ndi zam'tchire zomwe. Nyengo yodula mitengo ya zigafa za fodya, ana amatola tiana ta gologolo togwa ndi mphako zake, nthawi zina changa. Achinyamata nawo amandionetsa pafoni mavidiyo a agologolo ouluka a ku America, aja ali ndi chikopa chotambasuka pakati pa miyendo, akuyandama kuchoka pa kabati kukatera paphewa la mwini nyumba, n'kumati nawonso akufuna wawo. Choyamba ndimawatuma kuti abwerere nako pomwe akatola, akakaike m'kabokosi patsinde n'kuchokapo, chifukwa make amabwera kudzanyamula ndi kamwa ngati anthu ndi agalu atalikira. Dzuwa likapendeka asanabwere, ndimakalandira. Malamulo ake ngomwewo: kufunditsa kaye, madzi a Thanzi madontho angapo ngati khungu lafota, kenako mkaka, mutu m'mwamba, thonje lofunda. Kusiyana kwake n'kwakuti gologolo sapirira njala ngati kalulu. Amafuna kudya pa maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe, ndiye woti alere aiwale tulo. Akayamba kugwira mtedza ndi manja ake n'kuluma chala chako, nthawi yakwana yom'tsegulira.

Zimenezi sindigulitsa, ndipo sindisunga. Tili pakati pa Nyika ndi Vwaza, a gemu tili nawo pafupi, ndipo chiyambire pomwe lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, pa nyama zina zotetezedwa munthu akhoza kukagwira ukaidi wa zaka mpaka 30. Gologolo si njovu, inde, koma changa kapena mwana wa nyani akafika pakhomo panga ndimadziwitsa a gemu tsiku lomwelo. Ku Lilongwe Wildlife Centre kuli anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo. Mnyamata wina anandipatsa mtengo wa akalulu anayi kuti ndim'gulitse changa, akaike m'khola la waya pa shopu yake anthu aziona. Kanyama koyenda usiku, kukaika padzuwa pafupi ndi sipika!

Koma amene amanditopetsa kwenikweni ndi makasitomala a akalulu omwewa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, waya, misomali ndi malata zonse zinakwera, madeya amene kale tinkangopempha kuchigayo lero amayezedwa pa ndowa. Koma munthu amafika, kum'nyamula kalulu ndi makutu, chinthu chimene chimandiwawa mumtima, n'kunena kuti, “Adada, nyama ya kutchire yomweyi mpaka mtengo umenewu?” Ndimam'landa kaye, kum'gwira bwino dzanja lina pamsana lina kumatako, ndiyeno n'kuyankha kuti wa kutchireyo akam'gwire yekha. Ena amafuna wamwamuna ndi wamkazi a mimba imodzi poti n'zotsika mtengo, chaka chamawa akudabwa kuti ana akubadwa ofooka. A malo odyera a ku Mzuzu amalipira bwino, koma amafuna makumi awiri nthawi imodzi, olemera mofanana, ngati ndimachita kuumba pachikombole.

Ogula mbewu ndimawapatsa kalulu wawo pamodzi ndi kajumbo ka madeya amene wazolowera ndi udzu wa m'khola mwake, kuti sabata yoyamba asasinthe chakudya. Zimenezo sindilipiritsa. Ngongole yokha ndiyo ndinaleka. Mwezi wa February aliyense amalumbira kuti adzalipira fodya akagulitsidwa ku okushoni ku Mzuzu. Fodya amapita, ndalama zimabwera, munthu umam'peza pa Bolero atakwera njinga yamoto yatsopano, ukam'kumbutsa akuti kalulu uja anadyedwa ndi galu.