Makabati osapaka vanishi

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwangamu, lero tikambeko za kukhitchini.

Pokonzanso khitchini ya nyumba yomwe ndidzapumiremo ndikadzasiya choko, ndinauza kalipentala kuti makabati andipatse osapaka kanthu. Ena ku sitafu ankati ndikuumira. Zoonadi mtengo unatsikako, ndipo ndi malipiro athuwa zimenezo sizochititsa manyazi. Koma chifukwa chachikulu n'chakuti vanishi amabisa zambiri. Thabwa losapaka umaliona mfundo zake, ming'alu, ngakhale timabowo ta tizilombo. Umadziwanso ngati ndi mlombwa weniweni kapena ndi paini wa ku Chikangawa amene angomudetsa ndi utoto.

Ine ndinasankha paini. Mlombwa ngakhale chiswe chimauopa, koma thumba langa silikanakwanitsa. Vuto la paini ndi kufewa, ndipo akakhala wosapaka amamwa madzi ndi utsi. Dontho la mafuta ophikira likalowa, lalowa basi. Choncho ndisanaikemo mbale ngakhale imodzi, ndinakwecha ndi sandipepa motsata mizere ya thabwa, ndinapukuta fumbi, n'kupaka vanishi katatu, kudikira usiku wonse ndisanabwereze. Ndinapakanso kumbuyo ndi kunsi kumene alendo saonako, chifukwa chinyezi ndi chiswe zimayambira kumeneko. Kenako ndinawakhazika pa timiyendo kuti asagunde simenti tikamakolopa.

Amene mukufuna kuyesa, ntchitoyi igwireni pa holide ya mu Ogasiti kukadali kouma, mazenera ali otsegula. M'nyengo ya mvula vanishi amachedwa kuuma, ndipo zitseko zimafufuma n'kukana kutsekeka.