Bearing yopyapyala imatsata nyumba yake

Ntchito yanga ndi yosema zitsulo pa lathe ku Luwinga, mumzinda wa Mzuzu. Pafupifupi chilichonse chofika pabenchi langa chimakhala ndi bearing penapake, kaya ndi shafiti ya chigayo, pampu ya madzi, kapena makina ochekera matabwa a ku Chikangawa. Amene timagwira tsiku ndi tsiku ndi a gulu la 62 ndi 63. Mnyamata akabwera kudzaphunzira ntchito kuchokera ku Mzuzu Technical College, ndimayamba ndamufunsa tanthauzo la 6205. Manambala awiri omalizawo ukawachulukitsa ndi 5 amakupatsa bowo, ndiye 05 ndi mamilimita 25. Kunja kwake ndi 52, m'lifupi 15.

Khalidwe la ma bearing amenewa ndi lakuti bowo likamakula, thupi nalo limanenepa. Ya 6220 ili ndi bowo la mamilimita 100, koma kunja imafika 180, m'lifupi 34, ndipo imalemera makilogalamu oposa 3. Pachigayo palibe wodandaula, malo alipo ndipo kulemerako n'kumene tikufuna. Zimavuta pamakina ofunika kupepuka, kapena ofuna bowo lalikulu pakati poti padutse paipi ndi mawaya.

Ma bearing opyapyala ambiri kuno tinawadziwira panjinga. Za Sacramento zonyamula anthu ku Chibavi ndi ku Zolozolo zambiri zimayendera timipira tomwazika, koma njinga zamakono zobwera pakaunjika zimakhala ndi 6805 pamene pamazungulira mapedulo. Bowo lake ndi 25 yemweyo wa 6205, koma kunja ndi 37 basi, m'lifupi 7. Komabe gulu la 68 nalo limanenepa pang'onopang'ono: 6820 kunja ndi 125, m'lifupi 13.

Pali mtundu wina umene sunenepa n'komwe. Kampani ya Kaydon ya ku Muskegon, m'chigawo cha Michigan ku America, imene SKF inagula mu 2013, inatchuka nawo pansi pa dzina la Reali-Slim. Pagulu lawo la KA, thupi la bearing ndi kota ya inchi mbali zonse, mamilimita 6.35, kuyambira ya bowo la mainchi 2 kufikira ya mainchi 12. Timipira sitikula, timangochuluka. KA040 ili ndi bowo la mamilimita 101.6, kunja 114.3, ndipo sikwana magalamu 200. Yerekezani ndi 6220 ija. N'chifukwa chake mumaipeza m'mikono ya maloboti, m'makina a radar ndi m'zipangizo za m'chipatala, mmene milimita iliyonse ili ndi mwini wake.

Ine ndinaigwiritsa ntchito patebulo lozungulira la bambo wina wothira uchi m'mabotolo. Ankafuna kuti paipi ndi mawaya zidutse pakati penipeni, tebulo likhale lalifupi loti mayi wokhala pampando afikepo. Tinasankha ya mtundu wa X, imene kampira kalikonse kamakhudza njira yake malo anayi. Imodzi yokha imanyamula katundu wopanikiza pansi, wokankha cham'mbali ndi wopendamitsa tebulo, ntchito imene tikanaipatsa ma bearing awiri otalikirana pashafiti yaitali. Itafika, bamboyo anaitembenuza m'manja n'kunena kuti, "Amisiri, ndalama zonse zija ndagula chibangili?" Sanalakwitse kwenikweni. Ukaigwira ndi manja awiri n'kufinya, umaimva ikugonja.

Kugonjako ndiye ntchito yonse. Bearing yonenepa ukailowetsa m'nyumba yosemedwa mokhota pang'ono, imakana, imasunga kuzungulira kwake, ndipo ntchito yosalongosoka imabisika kwa miyezi. Yopyapyala imatenga maonekedwe a nyumba imene waiikamo.

Chuck ya mano atatu ndiyo mdani woyamba. Ukamanga nyumba yopyapyala mwamphamvu, manowo amaifinya malo atatu. Umasema bowo lozungulira bwinobwino ili chimangire, koma ukangomasula chitsulo chimabwerera, bowo n'kutsala ndi timapiri titatu. Vernier sikuuza kanthu, chifukwa imayeza malo awiri openyana, ndipo bowo la mtundu umenewu limapereka nambala pafupifupi imodzimodzi kulikonse ungayeze. Umadzazindikira bearing italowa: ukaizunguza ndi chala, imalimba katatu paulendo umodzi. Choncho ine nyumba yotere ndimaimanga ndi mabawuti pa faceplate, osati m'mano. Zowotcherera zonse zimayamba zatha, pakuti moto umakoka chitsulo. Ndimasema koyamba n'kusiyako nyama pang'ono, kumasula mabawuti kuti chitsulo chipume, kumanganso mopepuka, kenako kumaliza ndi mpeni wakuthwa. Poyeza ndimadalira dial gauge, ndikuzunguza pang'onopang'ono, diso lili pasingano. Phewa pamene bearing ikhale liyenera kukhala losalala, lopanda kachibanthu ngakhale kamodzi.

Polowetsa, hamala ikhale kutali. Anyamata anazolowera kukhoma 6205 ndi paipi, ndipo imapirira. Yopyapyalayi ukaikhoma, timipira timadinda njira yake, basi yatha isanayambe ntchito. Timatenthetsa nyumbayo pang'ono, osafika madigiri 120, bearing n'kutsetsereka yokha. Chivindikiro timachimanga modumphadumpha, bawuti iyi kenako yopenyana nayo, aliyense pang'onopang'ono. Nyumba ikakhala ya aluminiyamu pamafunika kusamala kwina, chifukwa imafutukuka ndi kukhwinyata pafupifupi kawiri kuposa chitsulo. Nyumba imene bearing yalowamo bwino masana a Okutobala ikhoza kuifinya m'mawa wozizira wa Juni, ndipo kuzizira kwa Mzuzu sikufuna kufotokozera. Chinyontho chathunso sichichedwa kubweretsa dzimbiri, ndiye sinditsegula pepala la bearing mpaka nthawi yoilowetsa itakwana.

Ena akaona kukongola kwake amafuna kuiika paliponse. Pachigayo ndimakana. Liwiro, kugwedezeka ndi fumbi la ufa zimafuna timipira tikulutikulu m'nyumba yolimba. Yopyapyalayi malo ake ndi pamene katundu ndi wopepukirapo, kuzungulira kuli kodekha, ndipo chosowa ndi malo.

M'masitolo a zitsulo a m'tauni muno simungoipeza pashelefu. Imachita kuitanitsidwa ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, ndipo ma bearing ambiri otere miyeso yake ndi ya mainchi pamene zojambula zathu ndi za mamilimita. Wogulitsa akhoza kukutumizirani yofanana nayo ya kampani ina. Ndiye sindiyamba kusema nyumba bearing isanafike m'manja mwanga. Kasitomala akakhala wothamanga, kapena ndikaona kuti ikadzatha sadzakwanitsa kudikira ina, ndimamuuza kuti tikulitse makinawo pang'ono tiikemo ya gulu la 68.