Mfuti ndi alendo a kunyanja

Mchemwali wanga amaphika pa loji ina ku Chembe. Akuti madzulo azungu okhazikika kumeneko amatsutsana za mfuti, ena akufuna lamulo lifewe, aliyense azigona ndi yake ngati ku America.

Ine ndikukanitsitsa. Kuno ku Nzama, Mozambique ili pakhomo penipeni. Nkhondo ya Renamo itatha mu 1992, mfuti zina zinawoloka malire n'kugwera m'manja mwa achifwamba. Amayi mpaka lero akamva kuphulika usiku amazimitsa nyali, ngakhale litakhala tayala chabe.

Zikavuta, mlendo akwera ndege ku Chileka, mfutiyo n'kutsala pakati pathu. Chilolezo cha kupolisi chizivutabe choncho. Oopa akuba alembe alonda a ku Chembe konko, aziwalipira bwino, awagulire tochi ndi jekete.