Masana a Sabata kumanda a ku Malamulo

Tinanyamuka ku Limbe Lachisanu m'mawa kuti Sabata likatipeze tili ku Malamulo. Msewu wa ku Thyolo umadutsa m'minda ya tiyi yobiriwira mpaka kumene maso alekezera, ndipo pofika ku Makwasa kamphepo kanali katayamba kuzizira moti tonse tinafunda zitenje ndi majuzi.

Alendo ambiri akafika kuno amafuna kuona chipatala ndi sukulu ya zaumoyo. Ife, titatha kudya Sabata masana, tinapempha mkulu wina wa mpingo kuti atiperekeze kumanda. Ena a ife anayamba adodoma, ndipo sitiwadzudzula. Kwathu munthu salowa kumanda popanda maliro, anthu angamuyese mfiti. Koma tinapitabe.

Mishoniyi inayamba mu 1902, nthawi imeneyo ikutchedwa Plainfield, ndipo anaitsogolera ndi Thomas Branch, Mmerika wakuda amene anabwera ndi banja lake. Chaka chotsatira kunafika Joseph Watson kudzathandiza ntchito. Sanathe ngakhale chaka. Malungo anamutenga mu 1903 momwemo, nasiya mkazi ndi mwana m'dziko lachilendo. Tinaima pamanda ake, ndipo kwa kanthawi panalibe woyankhula.

Pagulu lathu panali mayi wina wachikulire amene mwana wake anamwalira ku Joni. Ndalama zobweretsera thupi zinakanika, choncho anzake anamuika konko. Mayiyu sanaponyepo dothi, sanaoneko mtumbira, ndipo ngakhale dzina la mandawo salidziwa bwino. Ndi iye amene anayamba kuyankhula.

"Bambo mkulu, awa ali ndi mwala wolembedwa dzina. Nanga wanga uja adzamupeza bwanji?"

Mkulu uja sanafulumire kuyankha. Kenaka anatikumbutsa za George James, Mngelezi amene anali Mwadiventisti woyamba kubweretsa uthenga m'dziko muno mu 1893. Ankayenda m'midzi akuimba vayolini, anthu n'kumasonkhana kudzamva. Mu 1894 anakwera sitima ya pamtsinje kuti akakumane ndi abale amene ankayamba mishoni ya Solusi, koma malungo anamupha panjira. Anamuika m'mbali mwa mtsinje, popanda chizindikiro chilichonse.

"Mayi, mpingo wonsewu sungakulozereni pamene James anagona. Koma tsiku la lipenga iye ndi Watson adzadzuka nthawi imodzi. Wowadzutsayo sawerenga miyala."

Tinatsegula Yohane 11, pamene Yesu anatcha imfa ya Lazaro tulo, ndiponso 1 Atesalonika 4, pamene Paulo akutonthoza anamfedwa ponena kuti akufa mwa Khristu ndiwo adzayambe kuuka. Mavesiwa timawamva pamaliro alionse, mwina mpaka kuwazolowera. Pamalo pano anamveka mwina. Mwana wa mayi uja sakuyendayenda ku Joni kufuna njira ya kwawo, sakudandaula kuti abale anamutaya kutali, ndiponso sakuona misozi ya mayi ake. Wagona, ndipo akadzatsegula maso sadzadziwa kuti papita zaka zingati.

Mayi uja sananene kuti mtima wakhala pansi, ndipo ife sitinamufunse. Anangowerama n'kuchotsa tsamba louma limene linagwera pamanda a Watson, nalisunga m'manja. Dzuwa linali litapendeka, ndipo kutchalitchi anali atayamba kale kuimba nyimbo zotsekera Sabata, choncho tinabwerera, iye ali patsogolo.