Usanagule njinga ija, mwana wanga

Mwana wanga,

Pa foni dzana ndinangoyankha kuti "chabwino", koma sindinagone. Ukuti ukakhazikika pa ntchito ku Dedza ukufuna kugula njinga yamoto yaikulu, yoti uzinyamulapo mpongozi wanga ndi mdzukulu wanga pobwera kuno, mpaka kukaona nyanja ku Cape Maclear. Ukuyankhula choncho, ine maganizo anali kwa msuweni wako.

Ndinakamuzonda Lachitatu. Mwendo udakali ndi zitsulo zotulukira kunja, ndipo popita kuseri amachita kumugwirira mkazi wake. Iwe unangomva kuti anagwa, sunamve mmene anagwera. Njinga ija anakaigula kutsidya, ku Mandimba, n'kuilowetsa popanda pepala lililonse. Tsikulo ankachokera ku Namwera atakwera anthu anayi: iye, mkazi, khanda kumsana, kamnyamata kawo pathanki, ndi thumba la chimanga kumbuyo. Potsetsereka pa Chowe anangoponda buleki njira yonse mpaka inatentha, ndipo atafika pokhota inakana kugwira. Kamnyamata kaja mano akutsogolo kalibe. Njinga ili kupolisi, inshulansi panalibe, ndipo azakhali ako agulitsa mbuzi zonse.

Ndiye tamvera. Ine njinga ndikuidziwa, ndinayenda pa Yamaha nthawi yonse ya ulangizi wanga, kuyambira mlatho wa Bakili Muluzi usanamangidwe. Njira ya ku Makanjira kudzera ku Malindi ndinkaipita dzinja, matope mpaka m'maondo. Amayi ako ndinkawanyamula tili pachibwenzi, atakhala chammbali chifukwa cha chitenje, akundimenya pamsana kuti ndichepetse liwiro. Zinali zokoma, sindikana. Koma mpando wa njinga ndi wa anthu awiri, kaya ya Lifo, kaya zikuluzikulu za BMW zimene azungu amaimika ku Chembe zija. Azunguwo uziwaonetsetsa: munthu mmodzi kapena awiri, chipewa cholimba kumutu, jekete, nsapato zofika m'miyendo. Unaonapo atakhazika mwana pathanki?

Ngati wakakamira kugula, yamba waona mabuleki, mtundu wa penti ubwere pambuyo. Njira yako yobwerera kuno ndi ya Khwekhwerere, kutsikira ku Golomoti, ndipo ndi yokhotakhota kuposa pa Chowe pomwe. Peza yokhala ndi buleki ya disiki kutsogolo, ndipo potsika uziika giya yaing'ono kuti injini izikuthandiza kugwira. Msuweni wako akanadziwa zimenezi bwenzi lero akuyenda ndi miyendo yake.

Usanyengedwe ndi kukula kwa injini. Ya 125 kapena 150 ikukwanira iwe ndi mkazi wako, ndipo petulo simeza kwambiri. Ukaikwera mapazi onse awiri azifika pansi, ndipo ikagwa pamchenga wa ku Nkope uzitha kuidzutsa wekha. Usanapereke ndalama, pita kwa amakaniko a pa Boma pano kapena a ku Monkey Bay, ufunse ngati tcheni, chubu ndi zamabuleki za mtundu umenewo zimapezeka. Njinga yoti kachitsulo kamodzi uzichita kuitanitsa ku Joni idzangokhala m'khonde, nkhuku zikugonapo. Matayala akhale a mano, chifukwa phula limathera panjira.

Ndipo mapepala, mwana wanga, mapepala. Bulubuku ya dzina lako, nambala, inshulansi, ndi laisensi yochokera ku Road Traffic. Ya A1 imalekezera pa 125, kupitirira apo ndi ya A. Wina akakuuza kuti ali ndi yotchipa yodutsa pa Chiponde usiku, kumbukira zitsulo zili pamwendo paja. Zipewa ugule ziwiri, zenizeni, zomanga pachibwano. Usiku usayende, pakati pa Makawa ndi Monkey Bay mbuzi, ngolo ndi njinga zakapalasa zopanda magetsi zimangotulukira. Ukalawa mowa, kiyi azikhala m'thumba.

Za ntchito sindinena zambiri. Uzifika msanga, usamakongole kwa akatapila, uzipemphera. Ku Dedza kumazizira, amayi ako akuti tenga bulangete lolemera lija. Kuno tili bwino. Mwera wavuta, usipa wakwera mtengo, mlongo wako walemba mayeso, denga la khitchini takonza. Agogo ako bondo likuwavutabe, akupereka moni.

Ukudziwa, tsiku limene unabadwa ndinabwera kuchipatala pa njinga, koma pobwerera ndinaisiya, iwe ndi amayi ako tinakwera matola. Anzanga anandiseka kuti ndawononga ndalama. Iwe unali kakang'ono, kofiira, sindikanatha. Mdzukulu wanga ali ndi zaka 3 zokha. Mwana wotere amagona injini ikangoyamba kulira, manja amalefuka, ndipo palibe chipewa chomukwana chimene ungachipeze pamsika. Ndamuona kamwana ka msuweni wako kakuyesa kuluma chimanga ndi usinini, ndipo ndinatuluka panja kuti asaone nkhope yanga.

Ndakupempha, bambo. Njinga gula, sindikuletsa, ndiwe wamkulu tsopano. Koma pobwera kuno, mpongozi wanga ndi mwana azikwera minibasi, iwe uzibwera pambuyo. Ngati vuto ndi ndalama ya thiransipoti, undiuze, ndidzatumiza pa foni, ngakhale nditagulitsa mbuzi yanga yomaliza. Ku Cape Maclear tidzapita tonse, ndidzapeza galimoto. Usagule usanandiimbire, ndikufuna ndimve injini yake, ndione mapepala ndi maso anga. Undilonjeze zimenezi, mwana wanga, chonde. Undiyankhe sabata yomwe ino, amayi ako akungondifunsa.

Ndine bambo ako.